Liwu la Aphunzitsi M'tabuleti

Chidwalireni Aphunzitsi, m'nyumba muja munatsala phokoso la makina osokera lokha. Nyumbayo inali pamwamba pa sitolo ya utoto, masitepe khumi ndi asanu ndi atatu kuchokera pamsewu. Akazi awo, amene msewu wonse unkawatcha Mayi a Makatani chifukwa cha ntchito yawo, ankasokera pazenera la pabalaza pomwe dzuwa la masana linkalowera. Nsalu zopyapyala za makasitomala zinkalendewera paliponse, zina pachitseko, zina pamsana pa mipando, moti kamphepo kakalowa chipinda chonse chinkayandama ngati chili pansi pa madzi.

Aphunzitsi anagwira choko zaka makumi atatu ndi zinayi, koma chimene anthu ankawadziwira kwambiri ndi mitsutso. Lachisanu lililonse ankasonkhanitsa ana m'holo ya sukulu, n'kuwapatsa mutu, ena mbali ino ena mbali iyo, iwo pakati ndi kabelu kawo. Kunyumbanso tiyi sankatsika kukhosi asanatsutse kanthu. Ndiye m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato, sitiroko inawagwetsa. Inatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu onse, n'kuwasiyira liwu limodzi lokha: "komabe." Akafuna madzi, komabe. Akamva kuwawa, komabe.

"Mwa mawu onse a padziko lino," ankatero Mayi a Makatani powapukuta pakamwa, "munasunga lotsutsira ine."

"Komabe," ankayankha Aphunzitsi, diso limodzi likuseka.

Lamlungu lina mwana wawo womaliza anakwera masitepe aja atakumbatira kabokosi kopyapyala. Aliyense ankangomuitana Mzime, ngakhale anali mayi wamkulu ndithu wogwira ntchito pakampani ina yaing'ono yolemba mapulogalamu a m'mafoni, aja amati maapu. Anapeza abambo ake aang'ono atafika kale. Awa anali mng'ono wawo wa Aphunzitsi, wokonza mawailesi ndi mawotchi kuseri kwa siteshoni ya mabasi, ndipo anthu ankawatcha Mawaya poti m'thumba la malaya awo simunkasowa kawaya kosuzumira.

Mzime anatulutsa galasi lakuda, lalikulu ngati kope la mwana wasukulu.

"Ndawagulira abambo tabuleti," anatero.

"Tabuleti?" Mawaya anavala magalasi awo. "Ameza bwanji chimenechi? Amwera ndowa ya madzi?"

"Si yomeza, abambo aang'ono. Ndi kompyuta."

"Kompyuta yanji yopanda mabatani?"

Mzime asanayankhe, panamveka ngwee! Onse anatembenuka. Aphunzitsi anali atagwira supuni ndi dzanja lamanzere, atamenya nayo kapu. Mayi a Makatani anazindikira pomwepo: umo ndi mmene amuna awo ankatsegulira mtsutso. Supuni ija inaloza Mawaya.

Mawaya anaimirira, kukoka malaya, n'kutsokomola.

"Wapampando, chinthu ichi si foni, poti m'thumba sichilowa. Si kompyuta, poti polembera palibe. Ndi mleme basi, si mbalame si mbewa. Chinanso, ndachitembenuza mbali zonse, sikuluwu sindinaione ngakhale imodzi. Chinthu chimene mwini wake sangachitsegule si chake ayi, angomubwereka."

Ngwee! Supuni inaloza Mzime.

"Tsobola wakale sawawa, abambo aang'ono," anayamba Mzime.

"Wapampando, akunditukwana!"

"Ndabweza. Koma galasili palokha si kanthu, lili ngati shelefu yopanda katundu. Nkhani ili kumsika wa maapu. M'kati umu muli khomo lolowera kumsika umene sutsekedwa. Munthu wakhala pakhonde pake walemba kapulogalamu, wakakaika kumeneko, mawa wina wa kutsidya kwa nyanja wakatsitsa. Dzana msikawo unali ndi timabenchi towerengeka, lero simungaumalize ngakhale mutayenda moyo wanu wonse. Muli zotchula mayina a nyenyezi, zophunzitsa kuluka, zokumbutsa mankhwala. Ndipo muli zolankhulira anthu amene mawu anawathawa."

"Msika wanji wopanda fumbi?" anatero Mawaya. "Wogula samuona wogulitsa. Ukagula chowola ukabweza kwa ndani? Ndiye ndimamva kuti mwini msikawo amadyapo pa chilichonse, ndipo akadana nawe amangokuchotsera benchi osakuuza."

"Izo n'zoona pang'ono," Mzime anavomera.

"Komabe," anatero Aphunzitsi, ndipo liwulo linagwa pamalo pake penipeni moti onse anafa nacho chikhakhali.

Kuseka kuja sikunakhalitse. Mzime anatsitsa apu yolankhula ija n'kuika tabuleti pamiyendo pa abambo ake. Pagalasi panadzaza tizithunzi: kapu, bedi, dzuwa, nkhope yolira. Aphunzitsi anagunda chithunzi cha kapu ndi chala. Munatuluka liwu la mtsikana, losalala ngati la wolengeza ndege, likulankhula chilankhulo cha eni. Mzime anafufuza msangamsanga. Zilankhulo zinalimo zambirimbiri, koma chawo munalibe. Anayesa apu ina, yomwe inkayesera kuwerenga chilichonse cholembedwa, ndipo inatchula "madzi" ngati munthu amene wadzaza timiyala m'kamwa.

Nkhope ya Aphunzitsi inatsekeka. Anagwira tabuleti ija pang'onopang'ono n'kuivundikira chafufumimba. Mawaya, amene anapambana mtsutsowo, ananyamuka osamaliza tiyi wawo.

Masiku atatu tabuleti ija inakhala pathebulo losokera, Mayi a Makatani akupsinjira nayo nsalu kuti zisauluke. Lachitatu masana kunatentha. Aphunzitsi anali akuwodzera pampando wawo, ndipo amayiwo ankapinda m'mphepete mwa nsalu yoyera ya maluwamaluwa. Anatembenuza galasi lija kuti aone ngati lachita fumbi. Munali mitambo ya pazenera, ikuyenda mwaulesi. Anaiyang'ana, naiyang'anabe, mpaka galasilo linasanduka chithaphwi cha madzi akuda. Anakwinya siketi yawo pang'ono n'kupondamo.

Anapezeka ali mumsika. Mabenchi ake anali ang'onoang'ono, amakona osalala, olendewera m'malere m'mizere yosatha, ena obiriwira ena ofiira. Pakati pa mizereyo pankauluzika makatani amene iwo anasoka kalekale, ena a anthu amene anamwalira. Ogulitsa panalibe. Pabenchi lina pankagwa mvula yakeyake. Pena nyenyezi zinali zitayalidwa ngati mabatani a malaya, iliyonse ndi dzina lake. Mapazi awo sankamveka, ndipo sankatopa.

"Ndikufuna liwu la amuna anga," anatero, osadziwa amene akumuuza.

Mzere wonse unatembenuka n'kukhala wa timabotolo. M'botolo lililonse munali liwu. Ankatsegula limodzi, n'kutuluka mawu a nkhalamba ya dziko lozizira. Kutsegula lina, mwana akuwerenga manambala. Lina, mayi akuimbira khanda m'chilankhulo chofewa ngati thonje. Onse anali okoma, koma panalibe la kwawo. Anayenda mpaka kumapeto kumene mitundu inayamba kuzilala, ndipo kumeneko anaona benchi limodzi lokha lafumbi. Panakhala munthu atawafulatira, akukulunga kariboni kopyapyala kofiirira ndi pensulo, kuzunguza, kuzunguza.

Basi inaliza hutala pamsewu. Mayi a Makatani anadzidzimuka, tsaya lili pansalu, ulusi utakolana m'zala. Anayamba kuganiza za pensulo ija. Ndi chiyani chimene munthu amakulunga ndi pensulo? Kenaka anadzimenya pantchafu. Kaseti! Masiku a mitsutso ikuluikulu, amene ankamanga zokuzira mawu m'holo ya sukulu anali Mawaya, ndipo sankalephera kujambula mawu m'makaseti.

Anapempha mayi wa sitolo ya utoto kuti akhale ndi Aphunzitsi, iwo n'kuuyatsa wa kusiteshoni. Shopu ya Mawaya inali kachipinda kopapatiza konunkha mtovu wowotcha. Mawailesi opanda misana anasanjikizana mpaka kudenga, ndipo kukhoma mawotchi asanu ndi awiri ankanena nthawi zisanu ndi ziwiri zosiyana.

"Alamu, makaseti aja munataya?"

Mawaya sanadzutse mutu. "Makaseti ati?"

"Musandizungulitse ngati ndine kasitomala."

Mawaya anaika pansi chowotcherera. Anagwada movutikira n'kukoka katoni kunsi kwa thebulo. Munali makaseti makumi anayi ndi atatu, iliyonse italembedwa chaka ndi mutu wa mtsutso.

"Chidwalireni achimwene sindinawakhudze," anatero motsitsa mawu. "Munthu ali moyo, ine ndizimvera mawu ake ngati tinaika kale? Ndinayamba kutsutsana nawo tikugona bedi limodzi, alamu. Lero ndikalankhula palibe wondibweza. Lamlungu lija ndinapambana, koma ndinakafika kunyumba ngati ndaba."

"Ndiye tiwabwezere mawu awo."

"M'chigalasi chopanda sikuluwu chija?"

"Momwemo."

Mawaya anayang'ana mawotchi awo. "Mukamuuze Mzime abwere Loweruka. Koma asabwere ndi mwano."

Loweruka linafika. Mawaya anafukula wailesi yakale ya makaseti, kuisintha kalamba ka labala, kuipukuta m'kati ndi thonje la sipiriti. Mzime analumikiza chingwe ku laputopu yake. Mayi a Makatani anakhala pampando wopanda msana ndi zosoka za pamanja. Kaseti inayamba ndi mpweya wokhawokha, fuuu, kenaka phokoso la mipando, kenaka liwu lamphamvu linadzaza kachipinda konse:

"Kumbuyoko, khalani chete! Mtsutso si msika."

Singano inawabaya amayiwo pachala ndipo sanamve. Anali amuna awo a zaka makumi anayi, a tsitsi lakuda, a mayendedwe othamanga. Anatseka maso n'kuwaona akukwera masitepe awiriawiri. Mawaya anatulukira panja, ati kukaona ngati kukubwera mvula, chonsecho kumwamba kunali mbee.

Ntchitoyo inatenga Maloweruka asanu ndi limodzi. Mzime ankamvetsera n'kumadula liwu limodzilimodzi ngati wosankha mikanda. Mawu ena anali mbwee: "sindikugwirizana nazo," "umboni uli kuti," "bwerezani," "nthawi yatha," "khalani pansi." Liwu loti "madzi" analipeza mu mtsutso wa zitsime ndi mipopi. "Chimbudzi" linapezeka kamodzi kokha, Aphunzitsi akukalipira mwana wofuna kuthawa nthawi yake yolankhula. Koma "tiyi," "bulangeti" ndi "ndazizidwa" munalibe m'makaseti onse.

"Munthu zaka zonsezi osazizidwa ngakhale tsiku limodzi?" anadandaula Mzime. "Abambo aang'ono, liwu lanu ndi lofanana ndi lawo. Mutijambulire otsalawa."

"Ine? Kulowa m'chimenecho? Ndikakanirira m'menemo adzanditulutsa ndani?"

Anakana Loweruka limenelo. Lotsatira lake anabwera atavala jekete, naima njoo patsogolo pa maikolofoni, n'kunena "bulangeti" ngati akulumbira kukhoti.

Mzime analemba yekha apu yatsopano. M'malo mwa tizithunzi ta eni, anajambula zinthu za m'nyumba momwemo: kapu ya abambo ake yobenthuka chogwirira, bulangeti lawo la mizeremizere, zenera la pabalaza.

Lamlungu lomwe anaibweretsa, Aphunzitsi atangoona tabuleti anayang'ana kukhoma. Mzime anafuna kuwanyengerera, koma amayi ake anamukodola kuti akhale chete. Anaiika okha pamiyendo pa amuna awo, n'kugunda ndi chala chawo chithunzi cha tambula.

"Madzi."

Aphunzitsi anauma gwa. Anatembenuza khosi pang'onopang'ono kufunafuna amene walankhula. Makatani ankangoyandama. Anayang'ana pagalasi, natambasula chala, n'kugunda okha.

"Madzi. Madzi. Madzi."

Misozi inatsika tsaya lamanzere, kenaka lamanja lomwe. Mzime anathamanga kukatunga madzi, koma iwo anapukusa mutu; sanali ndi ludzu. Chala chija chinayamba kuyendayenda pagalasi, kuwerenga malembo, kusakasaka. Kenaka anadzutsa maso n'kuyang'anitsitsa mng'ono wawo, amene anaima pakhomo, chala n'kugunda pagalasi.

"Umboni uli kuti?"

"Aa! Achimwene, ndisanayambe n'komwe kulankhula?" anatero Mawaya, akudzipukuta m'maso ndi tayi.

"Nthawi yatha. Khalani pansi."

Mawaya anakhaladi pansi, pansi penipeni pasimenti, akuseka ndi kulira pamodzi.

Patapita milungu iwiri mtsutso wina unabuka. Mzime anati abwana ake aiona apu ija ndipo akufuna iikidwe kumsika.

"Ayi!" Mawaya anamenya thebulo. "Liwu la achimwene anga likakhale pabenchi, aliyense azingolitsitsa? Ana a eni azikaliseweretsa m'mabasi?"

"Nanga anthu ena?" anatero Mzime. "Mukuganiza kuti ndi abambo okha amene chilankhulo chawo mulibe m'menemo? Alipo ambiri akungoyang'ana khoma. Msikawo ndi njira yokhayo yowafikira."

"Msika sudziwa chisoni, mwana iwe."

Ngwee! Supuni inalira pakapu, koma sinaloze Mzime, sinalozenso Mawaya. Inaloza Mayi a Makatani. Iwo m'zaka zonse za ukwati wawo anali asanapatsidwepo mbali pa mtsutso. Ntchito yawo inali kuthira tiyi ndi kuseka. Anachotsa mapini amene analuma pakamwa.

"Ine za misika ya m'mwambayo sindizidziwa," anatero. "Koma munthu akabwera kuno sindimupatsa makatani a m'chipinda mwanga. Ndimamuyeza zenera lake. Mzime, sungatumize chimango chokha, chopanda mawu? Aliyense aikemo liwu la wake, kaya la m'kaseti, kaya la mng'ono wake wovala jekete. La abambo ako litsale muno."

Mzime anagwedeza mutu. "Zitheka," anatero. "N'zophwekanso kuposa zimene ndimaganiza."

Aphunzitsi anagunda pagalasi. "Mfundo yamveka." Anagundanso. "Bwerezani."

"Ndibwereze chiyani? Simunamve?"

"Bwerezani," linateronso liwu lija, diso la eni ake likuseka, ndipo amayiwo anazindikira kuti amuna awo angofuna kuwamva akulankhula. Anachita manyazi ngati mtsikana.

Eni msika anaibweza apu ija kawiri, koyamba ati kachizindikiro kake n'kosaoneka bwino, kachiwiri ati fomu ina sinadzazidwe. Ulendo uliwonse Mawaya ankati, "Ndinanena ine." Kachitatu inalowa. Sinatchuke ayi. Pakutha pa chaka anali ataitsitsa anthu mazana angapo basi, pakati pa maapu osawerengeka. Koma nthawi zina kunkabwera uthenga, ndipo Mzime ankawamasulira amayi ake. Namwino wina wa dziko lakutali analemba kuti wodwala wake wayamba kuitanitsa chakudya ndi liwu la mchemwali wake. Bambo wina anati anapeza mawu a mkazi wake mu vidiyo ya ukwati. Mayi a Makatani akamva zotere ankaimitsa makina, n'kumayang'ana mitambo, akuyesa kuganiza mazenera a anthuwo, kutalika kwake ndi mbali imene dzuwa limalowera.

Mawaya nawo anayamba kulandira matabuleti osweka magalasi. Anatulukira kuti amamatidwa ndi guluu, ndipo ukawatenthetsa ndi chowumitsira tsitsi amatseguka. Anagula chowumitsira chapinki kwa mayi wa saluni, n'kumachibisa m'dirowa Mzime akabwera.

Mawu a pakamwa sanabwerere kwa Aphunzitsi, kupatula awiri kapena atatu. Koma anapempha, mwa kuloza ndi kugunda, kuti Mzime awaikire makaseti onse athunthu m'tabuleti, ndipo masana ankamvetsera ndi timahedifoni. Tsiku lina anamuitana n'kumubwerezera malo amodzi kambirimbiri mpaka mwanayo anamvetsa. Mzime anadula pamenepo n'kupanga batani lachikasu lopanda chithunzi. Amayi ake sanauzidwe.

Linali Lachinayi masana. Kasitomala wina anali atabweza makatani ati afupika, chonsecho muyezo anapereka yekha. Mayi a Makatani ankasomola ulusi uku akung'ung'udza, nkhope ili ndwii. Mwadzidzidzi kumbuyo kwawo kunaphulika kuseka kwa mkazi wachitsikana, kuseka kwautali kopanda mabuleki, kothera m'kutsamwa ngati kwa khanda. Anatembenuka kuti aone mlendo walowa. Munalibe munthu. Munali Aphunzitsi okha, chala chili pa batani lachikasu.

Anagundanso. Kuseka kuja kunabwereranso, kumbuyo kwake kukumveka mipando ya m'holo.

Amayiwo anagwira pakamwa. Kuseka kuja kunali kwawo. Anakumbuka tsikulo: anapita kusukulu kukapereka makatani a pasiteji, ali ndi pakati pa Mzime, ndipo anaima kumbuyo kwa holo kudikira kuti mtsutso uthe.

"Inu! Mwanditenga kuti?"

Aphunzitsi anangogunda kachitatu. Apa amayiwo analephera kudzigwira, ndipo kuseka kwawo kwa lero, kokhuthala ndi kotopa pang'ono, kunasakanikirana ndi kwa mtsikana uja mpaka mayi wa sitolo ya utoto anafuula pansi kufunsa ngati kuli bwino.

Anasiya makina n'kukakhala pa chogwirira cha mpando wa amuna awo. Anagawana timahedifoni, wina khutu ili wina khutu ilo, n'kubweza kaseti ija kumbuyo kuti amve chimene chinawaseketsa tsiku limenelo. Anamvetsera kanayi. Wonena nthabwalayo anali kutali ndi maikolofoni, ndipo chinkamveka n'kung'ung'uza chabe, kenaka kuseka. Sanachipeze. Anangoisiya kasetiyo kuti izipitirira, mutu wa amayiwo utatsamira paphewa labwino la Aphunzitsi, ana a zaka zakale akutsutsana m'makutu mwawo ngati mipopi iposa zitsime. Makatani afupi aja anadikira mpaka mawa lake.